Lazy Bones!!: mmene anyamata a ku Kitwe anaikira phokoso lao pa cimbale mu Lusaka

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa kunja. Malire athu ndi Rhodesia anali otseka kucokera mu 1973, ndipo katundu m'masitolo anali atayamba kusowa. M'caka comweco anyamata a ku Kitwe a gulu la WITCH ananyamula magitala ndi ng'oma zao, nabwera mu Lusaka, nalowa mu DB Studios. Anaturukamo ndi nyimbo khumi. Cimbale cake anacicha Lazy Bones!!, ndi zizindikiro ziwiri zofuulira kumapeto, monga kuti cimodzi sicikanakwana.

Lero cimbale cimeneci cimafunidwa ndi osonkhanitsa nyimbo zakale ku America, ku Japan ndi ku Ulaya, ndipo cenicenico ca 1975 cikapezeka cosakalika amacigula pa mtengo umene ine ndi inu tingalipire nao lendi. Koma kuno kwao, yesani kufunsa mu basi ya m'mawa kuti ndani anamvapo "Black Tears". Mwina bakamba amodzi kumpando wakumbuyo adzadzutsa mutu. Ena tonse tidzangoyang'anana, kondakitala nkupitiriza kusonkhetsa ndalama zake.

Ine ndinabadwa patapita zaka zoposa 20 cimbaleci cituruke, conco sindinaone nao zionetsero zija zimene madala amasimba. Cimene cinandikoka ni funso la nchito cabe: m'dziko limene nthawiyo ngakhale waya wa gitala unali wobvuta kupeza, anthu awa anapanga bwanji cinthu cimene cikali kumveka camoyo patapita zaka 50?

Tiyambe ndi dzina la mtundu wa nyimbozi. Azungu amati psychedelic rock. Ni nyimbo za gitala ya magetsi zimene zinachuka ku Britain ndi ku America cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, zopangidwa kuti womvera amve ngati mutu ukuzungulira pang'ono, monga munthu wolota masana ali maso. Jimi Hendrix ndiye mfumu yake. Zimbale zake, pamodzi ndi za Rolling Stones, Deep Purple, Black Sabbath ndi James Brown, zinkafika ku Kopala ndi azungu a pamigodi ndiponso pa wailesi. Ana a m'makomboni a migodi anazimva, nayamba kuziyesera pa magitala. Emmanuel Chanda, woimba wamkulu wa WITCH, anapatsidwa dzina lakuti Jagari cifukwa cakuti pa siteji ankadumpha ndi kuzipinda monga Mick Jagger. Dzina la gulu lenilenilo analitambasula kukhala We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti tabwera kudzasokoneza. Zosakaniza zonsezi, za kunja ndi za kwathu, zinadzachedwa Zamrock, dzina limene ambiri amati linacokera kwa muulutsi wa pa wailesi Manasseh Phiri.

Lazy Bones!! sicinali cimbale cao coyamba. Cinali cacitatu, ndipo kuti mumvetse cifukwa cake cimamveka cokhwima, muyenera kudziwa kumene anacokera. Coyamba, Introduction, anacijambulira ku Chingola mu Malachite, situdiyo imene inamangidwira mafilimu a kumigodi osati magulu a rock. Nthawiyo mu Zambia munalibe fakitale yodinda zimbale. Tepi inkayenera kupita ku Nairobi, kumeneko nkudinda, zimbale nkubwera nazo monga katundu wa paulendo, nkumazigulitsa pamanja pa zionetsero. Ganizirani zimenezo. Nyimbo yoimbidwa ku Chingola, yodindidwa ku Kenya, yogulitsidwa pa khomo la holo ku Kitwe. Mu 1974 anaturutsa In the Past. Pofika 1975 zinthu zinali zitasintha: kampani ya Teal inali ndi makina odindira ku Ndola, Edward Khuzwayo anali ndi Zambia Music Parlour yake mumzinda womwewo, ndipo WITCH inali itagwirizana ndi Teal. Anali ndi zoimbira zabwinoko, situdiyo yeniyeni ya nyimbo, ndi zaka zingapo zoimba usiku wonse m'maholo ndi m'mahotela.

Zaka za m'maholozo ndizo maziko a cimbaleci. Gulu limene limaimba maola ambiri usiku ulionse pamaso pa anthu oledzera, obvina, ena ofuna ndeu, limaphunzira cinthu cimene sukulu siphunzitsa: woimba besi amadziwa pamene wa ng'oma adzatembenukira asanatembenuke. Pa Lazy Bones!! a Jagari anali pa mau, Chris Mbewe pa gitala yotsogolera, John Muma pa gitala yaciwiri, Gedeon Mulenga pa besi, ndi Boidi Sinkala pa ng'oma. Pamene ankalowa mu situdiyo, nyimbo zinali kale m'zala.

Zinayenera kukhala tero, cifukwa kajambulidwe ka nthawiyo kanalibe cifundo. Manje mnyamata wa ku Kalingalinga ali ndi laputopu m'cipinda cogona, amaimba mzere umodzi kakhumi, nkusankha wabwino, nkuumata pa biti, ndipo mau akapotoka kompyuta imawongola. Mu 1975 kunali tepi yaikulu yozungulira pa mawilo awiri. Tepiyo inali yodula, yocokera kunja, ndipo inali ndi malo ocepa oikapo zoimbira payokhapayokha. Conco magulu ankaimba pamodzi, onse nthawi imodzi, injiniya ataika mamaikolofoni pamene angagwire bwino. Wa ng'oma akaphonya pakati pa nyimbo, palibe zodula ndi kumata ngati lero. Mubwerere poyamba nonse, ndipo ola la situdiyo likuwerengedwa. Apo munthu amasankha: kodi kakulakwa aka tikasiye, kapena tiononge ola lina? Nthawi zambiri ankakasiya. Mukamvetsera bwino zimbale za Zamrock mudzamva liwiro likukwera pang'ono nyimbo ikafika pokoma, mau a wothandizira akulowa mocedwa, gitala ikulira mopyola. Zimenezo zinatsala pa tepi, ndipo kwa ine ndizo zimacititsa kuti umve ngati uli m'cipinda momwemo, ukununkhiza thukuta.

Nanga phokoso lija lokhadzula, longa nsaru yong'ambika, limene aliyense amalizindikira akamva Zamrock? Limacokera m'kabokosi kakang'ono kopondedwa ndi phazi, kochedwa fuzz. Waya wocokera ku gitala umayamba walowa m'kabokosiko usanafike ku amplifaya. M'katimo mau amakwezedwa kupyola pamene zipangizo zingathe kunyamula, nsonga zake nkudulika, ndipo coturuka ni kulira kokhuthala, kokanda, kokhalitsa. Injiniya wophunzitsidwa kujambula nkhani za pa wailesi angati cinacake cafa. Woimba rock amati apo ndiye pafika. Kabokosi kena ni wah-wah, kamene ukakapondaponda gitala imamveka ngati mwana wolira kapena munthu woyesa kulankhula. Mabokosi awiriwa ali paliponse pa Lazy Bones!!, koma a Mbewe sanawagwiritse nchito pongofuna kugonthetsa anthu. "Black Tears", imene imatsegula cimbale, imayamba mwacisoni, pang'onopang'ono, ngati nyimbo ya pamaliro, kenaka nkusanduka cinthu cina colemera. "Strange Dream" ni yofatsa, yoyandama, ndipo dzina lake likuiyenera. Nyimbo ya "Lazy Bones" yeniyeniyo ni yobvinika, yaifupi, yopangidwira wailesi. Anadziwa kuti cimbale sicingakhale mkuntho kuyambira poyamba mpaka pothera.

Pali cinanso cimene ife a pa foni tinaiwala. Cimbale cili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imanyamula mphindi pafupifupi 20 cabe. Ukapanikizamo zambiri, timizere timayandikana kwambiri ndipo mau amacepa mphamvu. Conco gulu linkakhala pansi kukambirana: iti iyambe, iti itseke mbali yoyamba kuti munthu anyamuke pampando akatembenuze cimbale, iti ikhale yothera. Kutsatana kwa nyimbo kunali mbali ya nchito. Tepi ikatha kusakanizidwa inkapita ku makina okhala ndi singano yosema timizere pa mbale yofewa. Pa mbale imeneyo ankapangirapo cidindo ca citsulo, ndipo cidindoco cinkapanikiza pulasitiki yakuda yotentha, imodzi imodzi, mpaka mazana ndi zikwi. Pulasitikiyo imacokera ku mafuta, ndipo mafuta anali atakwera mtengo koopsa kuyambira 1973. Cimbale ciriconse cimene munthu anagula pa Cairo Road cinali ndi ndalama zakunja mkati mwake, pa nthawi imene dziko linali kuyamba kuzisowa.

Kuti muone mmene zosankha za mu situdiyo zimasinthira nyimbo, tengani cimbale cina ca caka comweco, Africa, ca gulu la Amanaz, nalonso la ku Kitwe. Ico cinajambulidwa ku Malachite ndipo cinaturuka m'mitundu iwiri. Wina ni wouma, mau ali pafupi ngati oimba akhala nawe pa mphasa. Wina anauthira kamvekedwe kobwereza konga ka m'phanga, moti nyimbo zomwezo zimamveka ngati zikucokera kutsidya kwa mtsinje m'mamawa kuli nkhungu. Oimba omwewo, nyimbo zomwezo, koma munthu wokhala pa mabatani wapanga zinthu ziwiri zosiyana. Okonda Zamrock amatsutsana mpaka lero kuti wabwino ni uti. Ine ndili ku mbali ya wa nkhunguwo, ngakhale ndidziwa kuti pa sipika ya mu basi ungamveke ngati phala.

Manje tibwere pa mlandu umene ndimaumva kawirikawiri kwa anzanga a msinkhu wanga ndikawaseweretsa nyimbozi. Ati, aa, izi ni za azungu cabe, anangokopera, ngakhale mau ni Cizungu cokhacokha. Pa Cizungupo akunena zoona: Lazy Bones!! inaimbidwa m'Cingelezi. Koma kumbukirani kumene anyamatawa anakulira. Ku migodi kunali Abemba, Anyanja, Alozi, Atonga, a ku Malawi, a ku Tanzania, a ku Congo, onse m'komboni imodzi, ndipo sukulu ndi wailesi zinali kukankha Cingelezi monga cilankhulo ca dziko latsopano. Mnyamata wa zaka 20 woimba rock m'Cingelezi mu Kitwe sanali kuthawa kwao. Umo ndimo tauni inali kumvekera. Ndipo ngati mufuna kudziwa ngati anakopera, siyani mau, mvetserani pansi. Besi ndi ng'oma siziyenda mwa ku London. Zimazungulira, zimabwerera pamodzimodzi, zimakoka ciuno. Gitala ingakhale ya Hendrix, koma pansi pake pali anthu amene anakula akumva ng'oma za pa ukwati ndi pa cinamwali. Caka cotsatira, pa Lukombo Vibes, WITCH yeniyeniyo inasendera kwambiri ku kamvekedwe ka kwathu, mpaka kuikapo nyimbo ya mutu wakuti "Nasauka". Ndipo kuno ku Lusaka Paul Ngozi ndi Ngozi Family anali kuika fuzz yomweyo pa Cinyanja ca m'komboni, cija timalankhula pa siteshoni.

Boma nalo linaikapo dzanja. Capakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo zoculuka kwambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo ciwerengero cimene cimachulidwa kawirikawiri ni 95 pa 100. Wailesi inali imodzi, ya boma, ndipo mwadzidzidzi inafunika nyimbo za Zambia zodzaza tsiku lonse. Makampani a ku Ndola anayamba kusakasaka magulu. A Kaunda mwina ankaganizira nyimbo za makolo ndi za cipani, koma cimene cinasefukira pa wailesi cinali anyamata a tsitsi lalikulu, mabuluku otambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali, akukhadzula magitala. Lazy Bones!! inagwera pa nthawi yabwino imeneyo ndipo inagulidwa kwambiri. Ambiri amaiona kuti ndiyo nsonga ya WITCH ya m'nthawi ya a Jagari.

Nthawi yabwinoyo sinakhalitse. Mkuwa sunadzuke. Anthu anayamba kuima pa mizere ya unga, sopo ndi saladi, ndipo munthu woima pa mzere wa unga sagula cimbale. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndeke za Rhodesia zinayamba kuponya mabomba m'dziko muno, boma nkuika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Gulu limene cakudya cake cinali kuimba usiku linatsala ndi zionetsero za masana. Disiko inabwera, mwini bala nkuona kuti kulipira munthu mmodzi woseweretsa zimbale nkochipa kuposa kudyetsa anyamata asanu ndi owanyamulira katundu. Makaseti okopera anatsiriza zotsala. A Jagari anacoka m'gululi nkukakhala mphunzitsi, WITCH nkutembenukira ku disiko ndi oimba ena. Kenaka kunabwera matenda a Edzi, amene anakolola oimba a m'badwo umenewo mosasiya. Mwa anthu amene anaimba pa Lazy Bones!!, amene ali moyo ni a Jagari okha. Kwa zaka zambiri iwo anali kukumba miyala ya mtengo wapatali kuthengo, munthu amene kale anthu ankathyola zitseko kuti akamuone.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandiwawa. Amene anadzafukula nyimbozi si ife. Ni osonkhanitsa zimbale a kunja, makamaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ya Eothen Alapatt, imene mu 2012 inaturutsanso zimbale za WITCH m'bokosi limodzi, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa magulu ambiri pa Welcome to Zamrock! Mtaliyana Gio Arlotta anapanga filimu ya a Jagari imene inaturuka mu 2019. Travis Scott anatenga cidutswa ca "Nsunka Lwendo" ya Amanaz mu 2023. Mu 2024 Tyler, the Creator anaika mau a Paul Ngozi a mu "Nizakupanga Ngozi" pa nyimbo yake "Noid", ana a ku America mamiliyoni nkumamva Cinyanja ca mu Lusaka osadziwa kuti ni cilankhulo canji. A Ngozi anamwalira mu 1989. Sindikuwaimba mlandu akunjawo. Popanda iwo mwina ine sindikanamva nkomwe cimbale cimene ndikulemba pano. Kuno kwathu Leonard Koloko analemba buku la Zambian Music Legends, ndipo Sampa the Great anakumbutsa anthu za Zamrock pa "Never Forget" mu 2022. Koma anthu awiri atatu sangasunge mbiri ya dziko lonse.

Funsani kunyumba kwanu kuti zimbale za agogo zinapita kuti. Mayankho ake timawadziwa. Zina ana anaziponya m'mwamba ngati zoseweretsa. Zina zinapindika ndi dzuwa pa mtenje. Zina zinatayidwa posamuka kucoka ku Kopala migodi itagulitsidwa ndi nchito zitatha, cifukwa galamafoni inali itafa kale ndipo mu lole munalibe malo. Palibe amene anacita dala. Cinali cabe cinthu cakale ca mudala, cosadyeka. Koma ngati kwanu ku Matero, ku Chilenje kapena ku Libala kukali katoni ya zimbale pansi pa bedi, mwandi musaipereke kwa munthu woyamba wobwera ndi K100. Ziimikeni ciriri, osati kuzisanjikiza, kutali ndi dzuwa, ndipo muyambe mwafufuza kuti muli ndi ciani. Ndiponso akuluakulu osunga zakale za dziko ndi a wailesi ya boma atiuzeko poyera zimene ali nazo za nthawi imeneyo, ndi kumene mwana wa sukulu angapite kukazimvera popanda kulipira kampani ya kunja.

Kwa oimba a lero a m'makomboni, phunziro la Lazy Bones!! lili pa pepala kuposa pa gitala. Nyimbo imene mujambula lero ku Kanyama ingadzafunidwe ndi munthu wa ku Tokyo mu 2070. Ndani adzakhala mwini wake? Munasaina ciani ndi mwini situdiyo? Fayilo yoyambirira ili kuti, kapena ili mu foni imene idzabedwa pa City Market Loweruka? A m'ma 1970 anali ndi tepi, cinthu cogwirika cimene munthu angasunge m'sutukesi zaka 40. Ife tili ndi memori khadi yocepa ngati cikhadabo.

A Jagari anabwerera pa siteji. Ali ndi Patrick Mwondela, woimba kiyibodi wa WITCH ya nthawi ya disiko, pamodzi ndi oimba acinyamata a kunja monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndipo azungulira Ulaya ndi America. Pamene anafuna kupanga cimbale catsopano, Zango, cimene cinaturuka mu 2023, sanapite ku Amsterdam kapena ku Los Angeles kumene kuli makina onyezimira. Anabwera mu Lusaka, mu DB Studios momwemo mmene munajambulidwa Lazy Bones!!, naitana Sampa the Great ndi Keith Kabwe wa Amanaz kudzaimba nao.

Cimbale ca 1975 cija cili pa intaneti, ndipo sicifika ngakhale ola limodzi. Ndinaciyesa pa ulendo wa madzulo wocokera pa Kulima Tower kupita ku Chelstone, mahedifoni m'makutu, cikwama pamiyendo. "Black Tears" inayamba basi ikali kudzaza. Ndi mmene Great East Road imathinira nthawi ya 17 koloko, nyimbo yothera, "Little Clown", inatha tisanafike pa Munali.